Ndalama za boma zothandizira zikondwerero za m'midzi ku Marávia: zimadzera kuti, amapempha bwanji

Chaka chilichonse, chimanga chikalowa m'nkhokwe ndipo fodya akagulitsidwa, midzi ya ku Marávia imayamba kukonzekera zochitika zake: gule, mpira wa pakati pa midzi, tsiku loonetsa zokolola, ulendo wa ku Kulamba. Pabwalo pamabukanso funso lomwe lija la chaka chatha, lakuti kodi boma silingathandizeko ndi ndalama ya mafuta a galimoto, chakudya cha alendo kapena nsalu za ovina. Thandizo limatheka, koma ndalama za boma zimene zimafika m'distrito sizibwera zitalembedwa dzina la chikondwerero. Zimadzera m'makomo angapo, khomo lililonse ndi malamulo ake, ndipo gulu limene lagogoda pakhomo lolakwika limataya ndalama ya ulendo wa ku Fingoè, mwinanso kubwerako ndi ngongole.

Marávia si município

Ambiri amamva pa wailesi kuti khonsolo ya mzinda wakuti yathandiza phwando la mzindawo, n'kumaganiza kuti ku Fingoè kulinso ofesi yotero. Kulibe. M'chigawo cha Tete, malo amene ali ndi município ndi mzinda wa Tete, Moatize, Ulónguè, Nhamayábuè ndi Chitima, yomwe inalowa m'gululi kumapeto kwa 2022. Município amakhala ndi mtsogoleri ndi aphungu osankhidwa ndi anthu, amatolera misonkho yakeyake, ndipo amalandira gawo lake kuchokera ku Maputo. Ndi chifukwa chake amatha kuika padera ndalama ya tsiku la mzinda kapena ya magulu a zamasewera.

Marávia ndi distrito, yokhala ndi maposto anayi: Fingoè, Chiputo, Chipera ndi Malowera. Amene amaiyendetsa ndi administrador, yemwe amaikidwa ndi boma, osati kuvoteredwa. Malamulo aakulu a dziko atakonzedwa mu 2018 ananena kuti mu 2024 madistrito adzasankha aphungu awo, koma mu 2023 nyumba ya malamulo inachotsa chaka chimenechi, ndiye zinthu zikadali monga kale. Ndalama zoyendetsera distrito zimachokera m'bajeti ya dziko, kuphatikizapo zochepa zotoleredwa konkuno, monga za m'misika.

Chisokonezo china chimachokera kutsidya kwa malire. Ku Zambia kuli thumba lotchedwa CDF, limene mu 2022 linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo mbali ina imaperekedwa kwa makalabu a amayi ndi achinyamata osabweza. Mlimi wa ku Malowera amene ali ndi abale ku Petauke amazimva zimenezi tsiku ndi tsiku. Koma thumba limenelo ndi la nzika za Zambia, limayendetsedwa ndi makhonsolo a kumeneko, ndipo ngakhale mudzi utakhala pansi pa mfumu ya mtundu umodzimodzi, ndalamayo sidutsa malire.

Khomo loyamba: pulani ya chaka ya distrito

Zonse zimene boma la distrito likufuna kuchita m'chaka zimalembedwa m'pulani yotchedwa PESOD, kutanthauza Plano Económico e Social e Orçamento Distrital. Chaka cha boma chimayamba mu Januwale n'kutha mu Disembala, ndipo pulani ya chaka chamawa imakonzedwa chapakati pa chaka chino. Apa ndi pamene magulu ambiri amaphonya. Amakumbukira za thandizo kutatsala milungu iwiri kuti ng'oma ilire, pomwe ndalama za chakacho zinagawidwa kalekale. Mwambo wa Kulamba, womwe Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, m'boma la Katete, umachitika kumapeto kwa Ogasiti. Gulu lofuna kuti distrito iganizire za ulendo wake liyenera kulankhula chaka chathunthu mwambowo usanafike.

Kolankhulira kwake ndi m'makhonsolo a uphungu, amene anthu amangoti conselho consultivo. Anakhazikitsidwa ndi lamulo nambala 8 la 2003 pamodzi ndi dekereto nambala 11 ya 2005, ndipo amapezeka kuyambira m'povoação, m'localidade, kuposto mpaka kudistrito. Wa distrito amakhala ndi anthu 30 mpaka 50, wa posto 20 mpaka 40, wa localidade 10 mpaka 20. Mumakhala mafumu, atsogoleri a mipingo, alimi, amalonda ndi achinyamata, ndipo amayi sayenera kuchepera 30 pa 100 aliwonse. Amakumana kosachepera kawiri pachaka. Nkhani imayambira pansi n'kumakwera, choncho pempho limene silinamveke m'localidade limavuta kuti likaonekere ku Fingoè. Dzina lomwe likunena kuti makhonsolowa ndi olangiza: amaika zofuna za anthu m'ndondomeko, koma amene amatsiriza ndi boma. Ndipo m'distrito imene milatho imaduka m'dzinja ndi mijigo imafa m'chilimwe, chikondwerero sichikhala pamwamba pa mndandanda.

Ofesi imene imaona za chikhalidwe, achinyamata ndi masewera ndi ija ya maphunziro, SDEJT. Za ulimi, malonda ndi nkhalango zili ku SDAE, ndipo tsiku loonetsa zokolola kapena msika wa mbewu limadzera kumeneko. Thandizo la maofesiwa kawirikawiri silikhala ndalama ya m'manja. Limakhala galimoto, mafuta, zokuzira mawu, malo ogona m'kalasi ya sukulu, kapena kalata yodziwitsa apolisi ndi a m'malire kuti gulu lakuti likuyenda pa zachikhalidwe. Kwa gulu la anthu makumi atatu lokhala ndi ng'oma ndi katundu wa gule, lole imodzi ndi thandizo lalikulu kuposa envulopu.

Zochitika zimene boma ndi mwini wake n'zosiyana. Pa 7 de Abril, 25 de Junho, 25 de Setembro ndi 4 de Outubro magulu ovina amaitanidwa, ndipo Festival Nacional da Cultura imasankha magulu mwa mpikisano kuyambira pansi mpaka kuchigawo ndi kudziko lonse. Gulu lolembedwa ku SDEJT ndi limene limakumbukiridwa nthawi ngati zimenezi. Ena amaganiza kuti popeza UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, ndiye kuti pali ndalama imene imatumizidwa ku dambwe lililonse. Ulemu umenewo si malipiro. Umangothandiza polemba pempho, posonyeza kuti chimene mudzi ukusunga n'chodziwika kutali.

Khomo lachiwiri: ngongole, osati mphatso

Palibe ndalama ya boma yotchuka m'midzi ngati sete milhões. Inayamba mu 2006, m'nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza, pamene distrito iliyonse inapatsidwa mametikali 7 miliyoni. M'chaka choyamba madistrito ambiri anamangira nyumba ndi maofesi, kenako boma linanena kuti ndalamayo ndi yolimira chakudya ndi kuyambitsa ntchito zopezera ndalama. Mu 2009 inasanduka Fundo Distrital de Desenvolvimento, FDD. Makhonsolo a uphungu aja ndi amene ankasankha oti alandire, ndipo wolandira ankayenera kubweza kuti ena akongolenso.

Kubweza kunayenda moipa m'dziko lonse. Ambiri ankaiona ngati mphatso ya boma, ena anakongola popanda luso la bizinesi imene analemba papepala, ndipo panali madandaulo akuti ndalama zinkapita kwa odziwana ndi akuluakulu. Chuma cha dziko chitagwedezeka kuyambira 2016, nkhani ya ngongole zobisika itaululika, thumbali linayamba kuuma. Mu 2025 boma la Pulezidenti Daniel Chapo linakhazikitsa thumba latsopano, Fundo de Desenvolvimento Económico Local, FDEL, lothandiza makamaka achinyamata ndi amayi kuyambitsa ntchito zopindulitsa. Nalonso ndi ngongole.

Ndiye ndalama zimenezi si za phwando. Nsima, mbuzi ndi thobwa zikadyedwa, palibe chotsala chobwezera. Gulu limene lilemba kuti likufuna kuweta nkhuku pomwe cholinga chake n'kugula yunifomu ya timu ya mpira likudzikolezera moto, chifukwa dzina lolembedwa pangongoleyo ndi la munthu, ndipo adzafunsidwa ndi iyeyo, osati timu. Njira imene ili yoona ndi yozungulira: bungwe la alimi likongole kuti ligule chigayo, lilime dimba kapena ligulitse zokolola, libweze ngongole, ndipo phindu lotsala ndi lawo kugwiritsa ntchito monga agwirizana, kaya pa gule kaya pa mpira.

Khomo lachitatu: gawo la mudzi pa mitengo ndi nyama

Ndalama imene mudzi ungaitche yakeyake, yosabweza, ndi gawo lake pa zachilengedwe. Lamulo la nkhalango ndi nyama zakutchire la 1999 ndi dekereto nambala 12 ya 2002 zinakhazikitsa kuti pa msonkho umene odula mitengo ndi ena ogwiritsa ntchito nkhalango amalipira boma, 20 pa 100 ibwerere kwa anthu a dera limene zinthuzo zachokera. Mu 2005 kunatuluka chikalata cha nduna, nambala 93, chofotokoza kayendedwe kake. Mudzi umasankha komiti ya anthu osachepera khumi, amuna ndi akazi, komitiyo imalembetsa kuboma la distrito, n'kutsegula konta ya mudzi kubanki, yosainira anthu angapo osati mmodzi. Popanda komiti ndi konta, ndalamayo siituluka, ngakhale malole a mitengo azidutsa pamudzi tsiku lililonse. Lamulo la nkhalango linakonzedwanso mu 2023, choncho komiti iliyonse, yakale ndi yatsopano yomwe, ichite bwino kufunsa ku SDAE za mapepala amene akufunika tsopano.

Ku Tete kulinso Tchuma Tchato, dzina limene Mchewa salifunira womasulira. Pulogalamuyi inayambira ku Bawa, m'distrito ya Mágoè, chapakati pa zaka za m'ma 1990, kenako inafalikira kumadistrito ena, Marávia kuphatikizapo. M'madera ake, gawo la anthu pa ndalama zolipiridwa ndi makampani a ulenje linaikidwa pa 33 pa 100. Ndi chipukuta misozi kwa anthu amene njovu zimawadyera m'minda.

Kodi ndalama imeneyi ingathandize chikondwerero? Amene amagamula ndi mudzi, pamsonkhano wa onse, osati komiti yokha kapena mfumu yokha, ndipo chofunika n'chakuti chochitikacho chipindulire anthu onse. M'madera ambiri a dziko lino ndalama za 20 pa 100 zagulira zigayo, zakonzera mijigo, zamangira makalasi. Si ndalama yambiri, ndiponso sibwera mwezi wodziwika. Mudzi umene wagwirizana kuchotsapo kagawo ka mwambo umachita bwino kugula zokhalitsa, monga ng'oma, nsalu za ovina, mipando kapena malata a pabwalo, kusiyana ndi kuthera zonse pa chakudya cha masiku awiri. Mkangano waukulu m'makomiti sukhala pa kuchuluka kwa ndalama koma pa kusowa kwa malisiti, ndipo komiti imene imawerenga poyera zolowa ndi zotuluka imapulumuka miseche.

Mapepala ofunika

Khomo lililonse mwa atatuwa limafuna kuti opempha akhale odziwika. Kwa alimi njira yake ndi yofupika: dekereto ya lamulo nambala 2 ya 2006 imalola anthu khumi kupanga bungwe la ulimi ndi ziweto n'kulivomerezetsa m'distrito momwemo, osapita ku Tete. Atsogoleri a gulu akhale ndi BI ndi nambala ya msonkho, NUIT. M'midzi ya m'malire ili ndi vuto lenileni, popeza alipo anthu obadwira kuno amene ali ndi chitupa cha ku Zambia chokha, kapena alibe chilichonse. Munthu wotero akhoza kukhala mkulu wa gule wolemekezeka, koma sangasainire konta, ndipo gulu liziganizire zimenezi posankha mlembi ndi msungichuma.

Pempho lenilenilo, requerimento, limalembedwa m'Chipwitikizi. Linene dzina la gulu ndi mudzi, chochitikacho, tsiku ndi malo, chiwerengero cha anthu, ndi chimene akupempha mwatchutchutchu: malita angati a mafuta, matumba angati a ufa, galimoto ya kuchokera kuti kukafika kuti. Lisonyezenso chimene mudzi wasonkha kale wokha, chifukwa pempho lokhala ndi mbali ya eni ake limamveka msanga kuposa longoti tithandizeni. Mtengo ulembedwe m'mametikali, ngakhale kumsika wa kumalire zinthu zambiri zimagulidwa m'makwacha. Lidutse kwa mfumu kapena nyakwawa, kwa chefe wa localidade ndi wa posto, lisanapite ku Fingoè. Polipereka, gulu litenge mapepala awiri, limodzi lisiyidwe, linalo lidindidwe ndi tsiku lolandirira n'kubwerera nalo kumudzi, kuti pamsonkhano wotsatira wa conselho consultivo pakhale chogwira m'manja pofunsa kuti nkhani ija inafika pati.