Phulusa, Tsiro ndi Sopo: Mbiri ya Ukhondo wa Pakhomo

Sopo wa m'sitolo asanafike m'midzi ya ku Malawi, zipangizo za ukhondo wa pakhomo zinkachokera pamafuwa, kudambo ndi kutchire. Mwa zonsezi, phulusa ndilo linkagwira ntchito yaikulu. Mphika wophikira nyama kapena ndiwo zotendera unkayamba wanyikidwa m'madzi, kenaka mayi ankatapa phulusa lozizira n'kukwecha ndi makoko a chimanga kapena udzu. Mafuta ankachoka chifukwa phulusa la nkhuni lili ndi mchere wotchedwa potashi, umene ukanyowa n'kukumana ndi mafuta umapanga kasopo pang'ono mumphika momwemo. Pamene pakanirira mwaye ankawonjezapo mchenga wa kumtsinje.

Mphamvu ya phulusayi amayi ankaidziwa bwino kudzera m'chidulo. Ankawotcha zitsononkho, makoko a mtedza kapena mapesi a nyemba, n'kuika phulusalo m'chiwiya choboola kunsi, kuthiramo madzi ndi kuwasiya kuti adonthe pang'onopang'ono. Madzi oterera amene ankatuluka ndiwo ankafewetsa therere ndi masamba a chinangwa. Madzi a mtundu womwewu, akakhala ochindikala n'kuwiritsidwa ndi mafuta, ndiwo akhala akupanga sopo kuyambira kalekale: zolembedwa za ku Mesopotamia za zaka zoposa 4,000 zapitazo zimatchula kale za kusakaniza mafuta ndi phulusa potsuka ubweya wa nkhosa.

Nyumba inali ndi chisamaliro chakechake. Pansi ndi pakhonde ankazira ndi tsiro, dothi losankhidwa bwino la kudambo kapena pachulu, n'kusalaza ndi manja kapena mwala. Kuzira kunkatseka ming'alu imene mumabisala utitiri ndi nthata, kunkachepetsanso fumbi. Inali ntchito ya amayi ndi atsikana, ndipo khomo lozira bwino, la mizere yakuda ndi yofiira m'munsi mwa khoma, linkapatsa ulemu mwini wake. Bwalo linkasesedwa mamawa ndi tsache, zinyalala n'kupita kudzala, mphasa n'kuyanikidwa padzuwa. Posamba, masamba a chewe, amene ndi ndiwonso, ankatikitidwa m'madzi mpaka kutulutsa thovu loterera lotsukira tsitsi. Chinkhupule chinkakhula thupi, mwala unkakwecha mapazi, kamtengo kotafuna kunsonga kankatsuka mano, ndipo mafuta a nsatsi ankamaliza ntchitoyo. Kuchapa sikunali kochuluka nthawi ya nyanda ndi zikopa. Kunakula pamene nsalu zinafala.

Sopo wa m'fakitale anachokera ku Ulaya. M'chaka cha 1791, Nicolas Leblanc wa ku France anapeza njira yopangira soda kuchokera ku mchere wamba, ndipo opanga sopo analeka kudalira phulusa la nkhuni. Mu 1884 William Lever wa ku England anayamba kugulitsa sopo wa Sunlight, wodulidwa kale ndi wokutidwa m'pepala. Mafuta ambiri a sopo wotere ankachokera ku Africa komweku, ku migwalangwa ya mafuta ya kumadzulo kwa Africa, kenaka ya ku Congo. Kuno sopo analowa ndi amishoni, masitolo a Mandala, kampani ya ku Glasgow imene inayamba mu 1878, ndi masitolo a amwenye. Kusukulu za mishoni atsikana ankaphunzitsidwa kuchapa ndi kusita, ndipo amuna obwera ku Joni ndi ku Harare ankabweretsa sopo pamodzi ndi bulangete monga mphatso. Apa ndi pamene panayambira maganizo olakwika akuti wopanda sopo ndi wauve, ngakhale kuti khomo lozira ndi mphika wokwecha ndi phulusa zinali zaukhondo ndithu.

Sopo waufa anabwera pambuyo pake. Mankhwala ochapira osapangidwa ndi mafuta a nyama kapena a zomera anayambira ku Germany pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene mafuta anasowa, ndipo Surf anayamba kugulitsidwa ku Britain mu 1952. Amachapa msanga, koma ena ali ndi fosifeti, amene akalowa m'madzi amachulukitsa ndere ndi zomera zina zotsamwitsa nsomba. M'dziko limene anthu ambiri amachapira mumtsinje kapena m'mbali mwa nyanja, thovulo limagwera m'madzi omwe ena amamwa kumunsi. Timapepala ta pulasitiki ta sopoyo timatsalira pagombe.

Njira zakale sizinathe. Kukwera mtengo kwa sopo kwazisunga, ndipo zina zangosintha maonekedwe. Amayi ambiri amapaka phulusa lonyowa kunja kwa poto asanaitereke pamoto kuti mwaye usakanirire. Soda wa m'golosale walowa m'malo mwa chidulo, ndipo amachotsanso fungo m'ndowa ndi m'zigubu. Ndimu ndi viniga zimasungunula zoyerayera zimene madzi a pamjigo amasiya m'ketulo, zimachotsanso fungo la nsomba m'manja ndi pampeni. Phulusa limathiridwa m'chimbudzi kuti lichepetse fungo ndi ntchentche, ndipo alangizi a zaumoyo amalola kuti liikidwe pa mpondagiya pamene sopo wasowa. Magulu a amayi amapanga sopo wawo ndi mafuta a zomera ndi caustic soda, mankhwala owotcha khungu amene amafuna magolovesi ndi kuyeza mosamala.

Komabe zachilengedwezi zili ndi malire ake. Phulusa lotsukira liyenera kukhala la nkhuni zokha, losawotcheramo mapulasitiki, losungidwa pamalo pouma pamene ziweto sizifika. Likakhalitsa pakhungu limang'amba manja, ndipo limadetsa mapoto a aluminiyamu akanyikidwamo nthawi yaitali. Viniga kapena ndimu siziyenera kusakanizidwa ndi Jik, chifukwa zimatulutsa mpweya wa klorini umene umawononga mapapo. Chachikulu n'chakuti kuchotsa litsiro n'kosiyana ndi kupha tizilombo toyambitsa matenda. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 pofika mu 2023. Pakhomo pamene pali wodwala kolera, zovala, ziwiya ndi madzi akumwa zimafuna klorini kapena kuwiritsa, ndipo phulusa ndi ndimu sizingalowe m'malo mwake.