Mbuna za m'Nyanja ya Malawi ndi Malonda Amene Anazichotsa pa Matanthwe Ao

Ife a ku Mwanza, amene nsomba za kunyanja zimatifika zitauma kale, usipa ndi utaka zoyezedwa m'mbale pamsika, sitiganizira kawirikawiri kuti m'nyanja yomweyo muli tinsomba tina timene sitigulidwa chifukwa cha ndiwo ayi, koma chifukwa cha maonekedwe ake, ndi kuti kwa zaka zoposa makumi asanu takhala tikukwera ndege kupita ku Ulaya ndi ku America, kumene anthu amatiweta m'mathanki agalasi m'nyumba zao. Tinsomba timeneti ndi mbuna, zobiriwira ngati thambo, zachikasu, zamizeremizere, ndipo aliyense amene anaziwetapo amachitira umboni chinthu chimodzi, chakuti ndi zandewu koopsa.

Amene anayamba kulongosola bwino gwero la ndewuyo ndi Geoffrey Fryer, amene anafufuza m'matanthwe a ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950, nasindikiza zimene anapeza mu 1959. Mbuna zambiri zimadya ndere yomera pamwala, zikuipala ndi timano tao tating'ono, kotero kuti thanthwe ndilo munda wake wa mbuna. Yamphongo ikapeza mng'alu wabwino imakhazikika pomwepo, nipirikitsa ina iliyonse yofanana nayo mtundu, pakuti pamalo pomwepo ndi pamene idzakopere yaikazi, imene ikaikira mazira imawatola ndi kuwafungatira m'kamwa kwa milungu ngati itatu, osadya kanthu kufikira itawatulutsa anawo. Ndiponso mbuna siikonda kuoloka mchenga kapena madzi akuya, ndipo n'chifukwa chake za ku Likoma, za ku Mbenji ndi za ku Maleri zinasiyana maonekedwe, chilumba chilichonse ndi ana ake.

Malonda otumiza nsombazi kunja anayamba m'zaka za m'ma 1960, nakula m'zaka khumi zotsatira, makamaka m'manja mwa Stuart Grant, amene anamanga malo ake ku Kambiri, pafupi ndi Senga Bay m'boma la Salima. Koma ntchito yeniyeni inali ya anyamata a m'mbali mwa nyanja, amene maina ao sapezeka kawirikawiri m'mabuku a nsombazi, chinthu chimene ine ndimachiona ngati chosalungama. Iwo ankamira ndi kaukonde ka maso aang'ono, nakatchera pakati pa miyala, nakusira nsomba m'menemo ndi manja, kusankha imodziimodzi. Ndipo zogwidwa pakuya sankazitulutsa msanga, kuopa kuti zingatupe mimba ndi kufa, koma ankaziika mumgolo umene ankaukweza pang'onopang'ono kufikira utafika pamwamba. Kenaka ankaziika m'timatumba tapulasitiki tokhala ndi madzi ochepa ndi mpweya wambiri, ulendo wa ku bwalo la ndege.

Zitafika kutsidya kwa nyanja, eni ake atsopano anaona zoopsa, pakuti nsomba imene kwao ikagonja imathawira kuseri kwa thanthwe lina, m'galasi inalibe kothawira, ndipo m'mawa ankaipeza zipsepse zitang'ambika, itafa pakona. Mtundu wa Melanochromis auratus, umodzi mwa yoyamba kutumizidwa, unatchuka ndi nkhanza zotere. Akale anati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo oweta anaphunzira mwambiwu ndi ndalama zao. Pang'onopang'ono anapeza nzeru: kuika yamphongo imodzi pa zazikazi zingapo, kuunjika miyala yambiri kuti nsomba zisamaonane nthawi zonse, kusasakaniza mitundu yofanana maonekedwe, ndi kusuntha miyala yonse tsiku limene mlendo akulowa, kuti mwini malo asazindikirenso malire ake. Nzeru ina imene imadabwitsa pakuimva koyamba ndi yakuti amazichulutsa dala m'thanki, kuti ukali wa yamphamvu ugawikane pa zambiri m'malo mogwera pa imodzi. 

Chimene chimandiwawa koposa si za m'galasi, koma zimene malondawa anachita m'nyanja mwenimwenimo. M'zaka za m'ma 1960 wamalonda wina anatayira pachilumba cha Thumbi West, pafupi ndi Cape Maclear, mbuna zotengedwa kumpoto kwa nyanja, pakati pao mtundu wa Cynotilapia afra, umene kunalibe kumeneko chiyambire. Alendowo sanafe, anapeza ming'alu, naswana, nafalikira m'mbali mwa chilumbacho, ndipo ofufuza a pambuyo pake anapeza zizindikiro zakuti anasakanizana magazi ndi mbuna za pomwepo. Malire amene mchenga ndi madzi akuya anasunga kwa mibadwo yosawerengeka anafafanizidwa ndi munthu mmodzi ndi bwato lake, ndipo palibe angathe kuwabwezera, pakuti ndani angasankhe mlendo pakati pa nsomba zikwizikwi m'matanthwe?

Mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park, imene imateteza zilumba za kumeneko ndi madzi ozizungulira, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiwerengera pakati pa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha nsomba zomwezi. Lero mbuna zambiri zogulitsidwa m'masitolo a kunja sizinaionepo nyanja yathu, pakuti zimaswetsedwa m'maiwe a ku Florida ndi ku Asia, ndipo ndalama za malondawo, gawo lalikulu, zimatsalira komweko.