Pepala limene msilikali amatuluka nalo

Msilikali wa ku America akamavula yunifolomu komaliza, boma limamupatsa pepala lotchedwa DD Form 214, limene linayamba kugwira ntchito mu 1950. Pamenepo pamalembedwa tsiku limene munthuyo analowa usilikali ndi limene watuluka, udindo umene anafika, mamendulo amene analandira, maphunziro amene anachita, komanso ngati watuluka mwaulemu kapena wachita kuchotsedwa. Zaka zonse zogona m'matope zimapanikizidwa m'timabokosi tingapo, ndipo wodzaza timabokosito si mtsogoleri amene anaona ndi maso ntchito ya munthuyo. Ndi kalaliki wokhala ndi mulu wa mafayilo patebulo, ndipo patsogolo pake paima mnyamata amene mtima uli kale kwawo, wokonzeka kusaina chilichonse kuti akwere basi. Mendulo imene chilolezo chake chatuluka mochedwa siilembedwa. Kosi ya umakaniko kapena ya zachipatala imene anakachitira ku kampu ina imaiwalika. Pakapita zaka, pepala lomwelo ndi limene olemba ntchito amaitanitsa, limene chipatala cha asilikali opuma chimayang'ana, limenenso banja limanyamula pokapempha malo kumanda a asilikali. Wolandira mendulo ya Purple Heart, imene imapita kwa ovulazidwa kunkhondo, amawonjezeredwa mapointi 10 akamafunsira ntchito m'boma, choncho mzere umodzi wosowa ungamumanitse ntchito. Mbiri ya mmene dzikolo lakhala likukonzera mapepala amenewa ikuonetsa kuti khomo lokonzera liyenera kukhala lotsegula, ndipo mtolo wa umboni usamasenzetsedwe msilikali yekha.

Kale khomo limeneli ankalowera okhawo odziwana ndi akuluakulu. Munthu akafuna kuti mbiri yake ya usilikali isinthidwe, ankayenera kupeza phungu woti akapereke bilu ya dzina lake lokha ku Nyumba ya Malamulo. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itabweza kwawo asilikali mamiliyoni, njira imeneyi sinathenso kupirira. Lamulo la G.I. Bill la mu 1944 linakhazikitsa mabungwe ounikanso mmene munthu anachotsedwera usilikali, ndipo mu 1946 aphungu analetsa mabilu a munthu mmodzimmodzi aja n'kupereka ntchitoyo kwa mabungwe a anthu wamba ogwira ntchito m'nthambi za asilikali. Tisawatame kwambiri aphunguwo, chifukwa mbali ina ankangofuna kudzipeputsira ntchito. Komabe lamulo lawo linali ndi mfundo yanzeru: bungwe lingasinthe zolembedwa pofuna kukonza cholakwika, kapena pofuna kuchotsa chisalungamo. Pamenepa boma linavomereza kuti pepala lingakhale lotayipidwa bwino, losainidwa ndi woyenera, lodindidwa chidindo chenicheni, koma n'kukhala lonama. Lero wodandaula amadzaza fomu ya DD 149, ndipo amapatsidwa zaka zitatu kuyambira pamene wazindikira cholakwikacho, ngakhale bungwe lili ndi mphamvu yomvera dandaulo lochedwa ngati chilungamo chikufuna choncho.

Wokayikira kuti pepala la boma linganame awerenge za ku Brownsville, m'chigawo cha Texas. Usiku wina mu Ogasiti 1906 mfuti zinalira m'tauniyo, wogulitsa mowa mmodzi anafa ndipo wapolisi anavulala. Anthu a m'tauni analoza chala asilikali akuda a gulu la 25th Infantry amene anali pa kampu yapafupi, ngakhale akuluakulu awo achizungu ankanena kuti anyamatawo anali m'kampu. Asilikaliwo atakana kuti sakudziwa kanthu, boma linati akubisirana, ndipo Pulezidenti Theodore Roosevelt anachotsa anthu 167 popanda ulemu, popandanso kuwazenga mlandu. Ena anali atatumikira zaka zoposa 20 ndipo penshoni inali pafupi, yonse inapita. Buku la John D. Weaver litatuluka mu 1970 n'kufukula nkhaniyo, asilikali anaiunikanso, ndipo mu 1972 mapepala aja anasinthidwa kuti anthuwo anatuluka mwaulemu. Mwa amene sanabwezeredwe usilikali, wopezeka wamoyo anali Dorsie Willis, nkhalamba imene inatha zaka zambiri ikupukuta nsapato pamalo ometera tsitsi ku Minneapolis. Nyumba ya Malamulo inamupatsa madola 25,000. Kwa zaka 66 pepala lake linalibe cholakwika chilichonse cha kalaliki. Linkanena ndendende zimene Pulezidenti analamula, ndipo ndi chifukwa chake lamulo longokonza zilembo ndi masiku silikanamuthandiza.

Pa mamendulo nkhani ndi yomweyo. Anthu akuda oposa miliyoni imodzi anatumikira America pa nkhondo yachiwiri, koma panthawiyo palibe ndi mmodzi yemwe amene analandira Medal of Honor, mendulo yapamwamba kuposa onse. Akatswiri a pa Shaw University atapemphedwa ndi asilikali kuti afufuze, anapeza kuti tsankho linalowerera pa kasankhidwe. Pa 13 Januwale 1997 Pulezidenti Bill Clinton anapereka mendulo imeneyi kwa anthu asanu ndi awiri, ndipo wamoyo anali Vernon Baker yekha, wa zaka 77, amene anamenya nkhondo ku Italy mu Epulo 1945.

Koma chimene chinavula boma kwambiri ndi moto. Pa 12 Julaye 1973, pakati pa usiku, moto unabuka pansanjika yachisanu ndi chimodzi ya nyumba yosungira mafayilo a asilikali pafupi ndi St. Louis, m'chigawo cha Missouri. Nyumbayo inalibe mipope yothira madzi yokha moto ukayamba. Mafayilo apakati pa 16 ndi 18 miliyoni anapsa, kuphatikizapo pafupifupi 80 mwa 100 alionse a asilikali a pamtunda amene anatuluka pakati pa 1912 ndi 1960. Panalibe makope ena, panalibenso kaundula wonena bwinobwino zimene zinali pansanjikayo. Ogwira ntchito anatola mafayilo pafupifupi 6.5 miliyoni onyowa ndi owauka m'mbali, ndipo mpaka lero amalumikiza mbiri ya munthu kuchokera m'mapepala a malipiro, m'malipoti a m'mawa a gulu lake ndi m'mabuku a zipatala. Tsono taganizani: mabungwe okonza aja amayamba ndi chikhulupiriro chakuti zimene boma linalemba n'zolondola, ndipo wodandaula ndiye abweretse umboni wotsutsa. Mfundo imeneyi imamveka ngati boma lasunga bwino mbali yake. Koma ngati fayilo inapsera m'nyumba ya boma, kuuza nkhalamba kuti ibweretse chikalata cha mendulo yake ya kunkhondo ya ku Korea kuli ngati kusungitsa mbuzi kwa mnzako, iye n'kuitaya, kenako n'kumakufunsa umboni wakuti unali nayo. Pamalo otere kalata imene msilikali analembera amayi ake, chithunzi chakale, satifiketi ya kosi yopindika m'sutikesi, kapena mawu a mnzake amene anali naye m'ngalande ziyenera kulemera kwambiri pasikelo.

Otsutsa ali ndi mfundo yosafunika kuinyoza: khomo likatseguka, abodza alowa. Alipodi anthu amene amadzikoleka mamendulo a kunkhondo imene sanaiponde, ndipo ku America vutoli linafika mpaka ku khoti lalikulu, limene mu 2012, pa mlandu wa Xavier Alvarez, linathetsa lamulo loletsa bodza lotere ponena kuti likuphwanya ufulu wolankhula. Mu 2013 aphungu analemba lina lolanga okhawo onama pofuna kupezapo phindu. Koma wabodza sakonda bungwe lokonza mapepala, chifukwa kumeneko amafunsa nambala ya gulu, tsiku ndi malo, ndipo amakafananiza ndi zolembedwa za anzake. Wabodza amakonda malo amene aliyense akudziwa kuti mapepala ndi operewera ndipo palibe wowakonza, chifukwa kumeneko angathe kunena kuti boma linaiwala kulemba. Ndiponso kuunika kumadula mbali zonse. Mu 1917 bungwe la akuluakulu a asilikali linafufuta maina 911 pamndandanda wa olandira Medal of Honor, ambiri a gulu lina la ku Maine amene analandira mendulo pa nkhondo yapachiweniweni popanda kuombera mdani. Mpeni womwewo unadulanso dokotala wamkazi Mary Edwards Walker, amene anakana kubweza mendulo yake mpaka imfa, ndipo dzina lake linabwezeretsedwa mu 1977. Bungwe likhoza kulakwa, inde. N'chifukwa chakenso chigamulo chake chisakhale chosakhudzika.

Ena amati kukonza pakapita zaka zambiri n'kuweruza makolo ndi malamulo a zidzukulu, ndipo womwalira sapindula kanthu. Gawo loyamba la mfundoyi ndi lofooka. Asilikali a ku Brownsville anamanidwa mlandu umene malamulo a 1906 omwewo ankaudziwa bwino. Asilikali akuda 110 amene anapezeka olakwa pa zipolowe za ku Houston mu 1917, mwa iwo 19 ananyongedwa, ndipo 13 oyambirira ananyongedwa chigamulo chawo chisanaunikidwe ku Washington, zimene zinadabwitsa anthu ngakhale panthawiyo mpaka malamulo a asilikali anasinthidwa. Zigamulozo zinafufutidwa mu Novembala 2023. Gawo lachiwiri ndiye lili ndi mano. Akulu anati mlandu suwola, koma mboni zimafa, ndipo boma limadziwa kuti kupepesa manda n'kotchipa kuposa kulipira penshoni kwa wamoyo. Amalinyero 256 a ku Port Chicago, amene analangidwa chifukwa chokana kubwerera kukanyamula zipolopolo kutaphulika moto umene unapha anthu 320 mu 1944, anayeretsedwa maina mu Julaye 2024, onse atamwalira. Kuchedwa kotere sikutsutsa kukonza. Kukutsutsa mabungwe ozengereza ndi malire a zaka amene amathandiza wolakwira kuposa wolakwiridwa.

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi mbali ina yowawa, chifukwa pepala losalembedwa n'komwe silingakonzedwe. Amuna a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia anamenya nkhondo za Britain mpaka ku Burma, ndipo pa nkhondo yoyamba anthu ambirimbiri anagwidwa utengatenga, kusenza katundu wa asilikali mpaka kufera m'njira. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomereza kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a kum'mawa kwa Africa ndi ku Egypt, sanakumbukiridwe ndi dzina. Chipilala cha King's African Rifles (Keyala) chilipo ku Zomba, koma chipilala sichinena kuti agogo a banja lakutilakuti anaphunzira udalaivala liti, kapena anavulala pa phiri liti. Ngati m'nyumba mwanu muli kabuku kotulukira usilikali, mendulo, kapena satifiketi ya agogo amene anapita ku Keyala, musadikire chiswe. Jambulani tsamba lililonse, lembani nambala yawo ya usilikali pamalo awiri, ndipo amene akukumbukira nkhaniyo muwafunse akadali ndi moyo.