Nyamakazi ya ukalamba: kutha kwa mfundo za mafupa

Nyamakazi ya ukalamba, imene madokotala amaicha osteoarthritis, ndi matenda a mfundo zolumikizira mafupa. Kumapeto kwa fupa lililonse kuli kamnofu kolimba ndi kosalala kamene kamaletsa mafupa kukhulana. Kamnofuka kakaperepeseka, mfundo imawawa, imatupa ndi kuuma, makamaka m'mawondo, m'ciuno, m'zala ndi mumsana.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidanena kuti m'caka ca 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni anali ndi matendawa. Mwa anthu 100 alionse odwala, 73 anali opitirira zaka 55, ndipo 60 anali akazi.

Matendawa sabwera ndi ufiti. Kuwonjezera pa ukalamba, amayamba cifukwa ca kunenepa kwambiri, kuvulala kwakale, mtundu wa ku banja ndi nchito zolemetsa mfundo. M'makomboni a Lusaka nchito zotere n'zambiri: kuphwanya miyala, kukankha wilibala ku msika wa Soweto, kunyutama pocapa, ndiponso kusenza cigubu ca madzi ca malita 20, cimene cimalemera makilogalamu 20.

Ululu wake umakula munthu akagwira nchito, numacepa akapuma. M'mawa mfundo imauma, koma imamasuka pasanathe mphindi 30. Mfundo ikatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, thupi n'kutenthanso, amenewo angakhale matenda ena ofunika cipatala tsiku lomwelo.

Mankhwala obwezeretsa kamnofu kotha kulibe, koma ululu umacepetsedwa. Cithandizo cacikulu ndico kuyenda pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, kulimbitsa minofu ya m'nchafu, kucepetsa thupi ngati n'lonenepa, ndi kuyenda ndi ndodo yogwirira ku dzanja la mbali yosawawa. Kukhala pansi tsiku lonse kumafoola minofu, ndipo bondo limawawa koposa.

Mapiritsi monga diclofenac ndi Brufen, akamwedwa nthawi yaitali popanda uphungu wa dokotala, amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Ngoziyi njaikulu kwa okalamba ndi odwala BP kapena shuga.

Odwala angayambire ku makiliniki a Kalingalinga, Mtendere ndi George, kapena ku zipatala za Kanyama, Matero ndi Chawama. Ofunika madokotala a mafupa amatumizidwa ku cipatala cacikulu ca UTH. Mfundo ikatheratu, opaleshoni yoika bondo kapena ciuno copanga ndiyo njira yotsiriza.

Inu ana ndi adzukulu, landirani cigubu kwa ambuya, koma musawaletse kuyenda.