Nehemiya, Bwanamkubwa Amene Sadadye za Anthu



Abale athu okondedwa amene mukutimvera, makamaka inu akatekisti ndi atsogoleri a miphakati, lero tikambirane mbiri ya munthu wina wa m'Chipangano Chakale amene sadali wansembe ngakhale mneneri, koma wantchito wa boma. Dzina lake ndi Nehemiya.

Ankhondo a ku Babiloni adapasula Yerusalemu cha m'ma 587 Ambuye Yesu asanabadwe. M'chaka cha 538 Cyrus, mfumu ya ku Persia, adalola Ayuda kubwerera kwao, ndipo pofika 515 Nyumba ya Mulungu idamangidwanso. Koma linga la mzinda lidakhalabe chigumukire, zipata zake zili zopserera, kotero kuti aliyense wodutsa ankawachita chipongwe.

M'chaka cha 445, chimene chidali cha 20 cha ufumu wa Artaxerxes woyamba, Nehemiya adali ku Susa, akugwira ntchito yoperekera vinyo kwa mfumu. Atamva kwa mbale wake Hanani za manyazi a kwao, adalira, nasala zakudya, napemphera. Idapita miyezi ngati inayi asanatsekule pakamwa pamaso pa mfumu. Ndipo tsiku limene adalankhula adali atadziwa kale zoti apemphe: chilolezo, makalata a panjira ndi mitengo yomangira zipata. Atafika ku Yerusalemu sadafulumire kuitanitsa msonkhano. Adakhala masiku atatu, kenaka usiku adayendera malinga ndi anthu owerengeka, kuti adzionere yekha kukula kwa ntchito. Pogawa ntchitoyo, ambiri adawapatsa chigawo choyang'anana ndi nyumba zao, pakuti palibe munthu amene amamanga mwaulesi khoma lotchinjiriza ana ake. Linga lidatha m'masiku 52.

Adani adalipo. Sanibalati wa ku Samariya, amene dzina lake likupezekanso m'kalata ya chaka cha 407 imene idafukulidwa ku Elephantine m'dziko la Ejipito, adamuitana kanayi kuti akakumane ku chigwa cha Ono. Nehemiya, pozindikira chiwembu, adakana kusiya ntchito.

Koma kwa ife mayeso aakulu sadachokere kunja. Ntchito ili m'kati, anthu osauka pamodzi ndi akazi ao adayamba kudandaula. Kudali njala, ndipo msonkho wa mfumu udali wolemera. Ena adapereka minda ndi nyumba zao ngati chikole kuti apeze chakudya, ena adafika pogulitsa ana ao ukapolo, ndipo okongozawo adali Ayuda anzao, akuluakulu omwewo amene Nehemiya ankawadalira pa ntchito ya linga. Mtsogoleri wina akadati tiyambe tamaliza kumanga, za ngongole tidzaziona pambuyo. Nehemiya adakwiya, komabe adayamba waganiza mofatsa. Kenaka adaitanitsa msonkhano waukulu nadzudzula akuluakuluwo poyera. Sadabise kuti iyenso ndi abale ake adakongoza anthu ndalama ndi tirigu, ndipo adati onse, kuyambira iye mwini, aleke kulonjerera ngongolezo, abweze minda ndi nyumba tsiku lomwelo. Adawalumbiritsa pamaso pa ansembe, nakutumula chovala chake kusonyeza m'mene Mulungu adzakutumulire wophwanya lonjezolo.

N'chifukwa chiyani anthu olemerawo adamumvera? Tikuganiza kuti yankho lili pa tebulo pake. Abwanamkubwa amene adalipo iye asanabwere ankalanda anthu chakudya, vinyo ndi masekeli 40 a siliva, ndipo ngakhale antchito ao ankapondereza anthu. Nehemiya adalamulira Yuda zaka 12, kuchokera 445 mpaka 433, osatenga chakudya chimene bwanamkubwa adali nacho ufulu, chikhalirecho ankadyetsa anthu 150, osawerengera alendo. Tsiku ndi tsiku pankaphedwa ng'ombe imodzi, nkhosa zisanu ndi imodzi ndiponso nkhuku. Inu amene mumasunga mtulo ndi zopereka za masika mukudziwa kuti akristu amayang'ana manja athu asanamvere mau athu. Apa Nehemiya akutilozera kwa Ambuye Yesu amene adasambitsa mapazi a ophunzira ake.

Tisamsandutse mngelo. Adali ndi mtima wapachala, ndipo nthawi ina adamenya anthu ndi kuwazula tsitsi. Izi sitikuuzani kuti muzitsanzire. Ntchito yakenso sidakhale chilili iye atachoka. Mu 433 adabwerera kwa mfumu, ndipo atabweranso adapeza wansembe Eliyasibu atapatsa Tobiya, mdani uja, chipinda m'bwalo la Nyumba ya Mulungu, Alevi atathawira ku minda yao chifukwa anthu adaleka kuwapatsa gawo lao. Akatekisti ambiri nkhani imeneyi sangaimve ngati yachilendo. Nehemiya adatayira kunja katundu wa Tobiya, adaitananso Alevi aja, ndipo mosungira zopereka adaikamo anthu anayi odziwika ndi kukhulupirika, pakati pao wansembe, mlembi ndi Mlevi, kuti azigawira abale ao.