Mabwato a pa Chilwa, msewu wakale wa mabanja a ku Mecanhelas

Ku Tofo, m'chigawo cha Inhambane kumwera kwa Mozambique, mabanja ochokera ku Johannesburg ndi ku Ulaya amalipira ndalama zambiri kuti akwere boti n'kukasambira pambali pa whale shark. Nsomba imeneyi ndiyo yaikulu kuposa zonse padziko, imatha kupitirira mamita 12, koma siluma munthu: imangoyenda kukamwa kuli yasa, n'kumasefa tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi. Mu 2016 bungwe la IUCN linaiika m'gulu la zamoyo zomwe zili pangozi yotha.

M'dziko lomwelo, pafupifupi makilomita 1,000 kumpoto, muli boma la Mecanhelas, m'chigawo cha Niassa. Kumenekonso mabanja amakwera boti nthawi ya tchuthi, koma ulendo wake ndi wina. Amawoloka nyanja ya Chilwa kukaona agogo kutsidya, kukakhala nawo pa ukwati kapena pa maliro, kukagulitsa mpunga ndi matemba. Nsomba yaikulu ya kuno ndi mlamba. Madzi ake ndi amatope, amchere pang'ono, ndipo mwana wofuna kusambira amakumbutsidwa za likodzo. Komabe bwato la pa Chilwa lili ndi mbiri yaitali kuposa malire a mayiko awiri omwe limalumikiza.

Mecanhelas, yomwe likulu lake ndi Insaca, inakhala pakati pa madzi. Kumadzulo kwake kuli Chilwa ndi Chiuta, nyanja ziwiri zolekanitsidwa ndi mtunda wamchenga. Chiuta imatsanulira madzi ake mu Amaramba, kenaka mu mtsinje wa Lugenda mpaka ku Rovuma. Chilwa ilibe kotulukira. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi Sombani imabweretsa madzi kuchokera ku Malawi, Mnembo kuchokera ku Mozambique, ndipo dzuwa ndi lomwe limawatenga. N'chifukwa chake nyanjayi ndi yosaya, m'malo ambiri osapitirira mamita atatu, ndipo woyendetsa bwato amadalira nsungwi yaitali yokankhira pansi monga momwe amadalirira nkhafi.

David Livingstone ndi John Kirk atafika pa nyanjayi mu April 1859, anapeza dera lokhalamo anthu kale. Amang'anja ndi Anyanja ankasodza ndi mono ndi maukonde, ndipo Ayao anali kulowa kuchokera kumpoto chakum'mawa. Zaka za malonda a akapolo, zilumba za Chisi ndi Thongwe zinali pothawira, pakuti wopanda bwato sakanatha kufikako. Nthawi imeneyo kukhala ndi bwato kunali kukhala ndi moyo wa banja lonse m'manja. Ankalisema kuchokera ku mtengo umodzi waukulu, ndipo mmisiri wodziwa kusema ankalemekezedwa m'mudzi monse.

Pa 11 June 1891 Britain ndi Portugal anasaina pangano logawana dzikoli. Mzere wa malire unatsata gombe la kum'mawa kwa Chiuta, n'kudumphira ku gombe la kum'mawa kwa Chilwa, kenaka n'kulunjika ku mtsinje wa Ruo. Olemba panganolo anali kutali, ndipo anatenga gombe ngati chinthu chokhazikika, pomwe gombe la Chilwa limasuntha makilomita angapo malinga ndi mvula. Mabanja a fuko limodzi anapezeka ali m'maboma awiri. Mpaka lero midzi ina ya kutsidya la kum'mawa, monga Chinguma ndi Ngotangota, ili m'dziko la Malawi, ndipo anthu ake akafuna kupita ku Zomba amawoloka pa boti mpaka ku doko la Kachulu, pomwe anansi awo oyenda nawo pansi ndi a ku Mozambique.

Mbali ya Apwitikizi inaperekedwa m'manja mwa Companhia do Niassa, kampani yomwe inalamulira mpaka 1929. Msonkho wa nyumba ndi ntchito yokakamiza zinathamangitsa anthu ambiri. Alomwe ochokera kumapiri a Namuli ndi madera ozungulira analowa mu Nyasaland mwaunyinji, ena podutsa m'mphepete mwa phiri la Mulanje, ena podzera m'madambo a Chilwa. Ambiri anakathera m'minda ya tiyi ndi fodya, komwe anakumana ndi thangata. Achibale omwe anatsala kum'mawa sanaiwalike. Maulendo okachezerana omwe akuchitika masiku ano pa Khirisimasi anayambira pa kugawikana kumeneko.

Njanji inafika mochedwa. Mu 1970 mzere wochokera ku Nkaya unalumikizana ndi wa ku Nacala kudzera pa Nayuchi ndi Entre Lagos, ndipo Mecanhelas inakhala khomo la Malawi lopita ku nyanja yamchere. Koma nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo itakula m'zaka za m'ma 1980, sitima zinaima. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi a ku Mozambique anathawira ku Malawi, ndipo kwa okhala m'mbali mwa Chilwa ndi Chiuta, mabango ndi bwato zinakhalanso njira yopulumukira monga zinalili masiku a akapolo. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ambiri anabwerera kwawo atakwatira kapena kukwatiwa kutsidya, ana awo akulankhula Chichewa. Lero ku misika ya m'malire kwacha ndi metikali zimayendera limodzi.

Chomwe chaimitsapo mabwato kotheratu ndi nyanja yeniyeniyo. Chilwa inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, inaphwa kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inasanduka dothi long'aluka. Akatswiri a University of Malawi anaona kuuma kwa 1968 ndi maso awo, ndipo zomwe anapeza zinatuluka mu 1979 m'buku lomwe mkonzi wake wamkulu anali Margaret Kalk. Anaonetsa kuti matemba, makumba ndi milamba zimabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo, ndipo madzi akabwerera zimaswana msanga. Zaka zabwino nyanja yaing'onoyi yatulutsapo nsomba zoposa matani 20,000.

Eni mabwato anaphunzira kuyenda ndi nyanja yotereyi. Madzi akamathawa, amakumba ngalande m'matope n'kumakankha boti ndi manja mpaka pomwe pali madzi. Akatheratu, boti amaligoneka pamtunda, njinga za kabaza n'kutenga malo ake, ndipo pomwe ankaponya khoka amadzalapo chimanga ndi mpunga. Asodzi ena amasamukira ku Chiuta, ku Malombe kapena ku Amaramba kukadikira. Madzi akadzaza amabwerera ku zimbowera, tinyumba toyandama tomwe amamanga pamwamba pa udzu wa m'nyanja, komwe msodzi amatha kukhala miyezi osaponda mtunda.

Bwato lenilenilo lasintha. Mitengo ikuluikulu yosemera inatha m'madera ambiri, nkhuni zowambira nsomba zinamalizanso yotsala, ndipo m'malo mwake munabwera maboti a matabwa, ena a injini. Boti lotere limanyamula anthu, njinga, matumba a mpunga ndi madengu a matemba ulendo umodzi. Pamenepo ndi pomwe pali nkhawa. Mphepo ya mwera ikawomba pa madzi osaya mafunde amadzuka mwadzidzidzi, ndipo boti lodzaza mopitirira muyeso, lopanda majekete oyandamitsa, limaika mabanja athunthu pangozi. Kolera nayo yakhala ikubuka kawirikawiri pakati pa asodzi a m'zimbowera, omwe amamwa madzi a m'nyanja momwemo, ndipo mu 2016 kunachitika katemera wapadera wa asodziwa.

Alendo ochepa omwe amabwera kudzasangalala pa Chilwa amatsata mbalame. Mu 1996 mbali ya Malawi ya nyanjayi inakhala dambo loyamba m'dzikolo kulembedwa pansi pa pangano la Ramsar, chifukwa cha mbalame za m'madzi zochuluka, zina zochokera ku Ulaya ndi ku Asia. Amene amawaperekeza alendowa m'mabango ndi eni mabwato omwewo, odziwa njira iliyonse ya m'udzu.

Namondwe wa Freddy atadutsa mu March 2023, nyanja inadzaza mpaka kumiza minda ndi nyumba za m'mphepete, ndipo maboti anayambanso kufika pomwe zaka zisanu zapitazo pankadutsa njinga. Sitima za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa pa Entre Lagos kupita ku Nacala, koma mayi wa ku Mecanhelas wopita ndi ana ake kwa abale ku Zomba kapena ku Phalombe amadalirabe woyendetsa boti. Nsomba zomwe zimadyetsa banja la mayiyu zimaswana m'madambo a mbali zonse ziwiri. Ndiye malamulo otseka usodzi nthawi yoswana, kuletsa maukonde a udzudzu, kuchepetsa katundu wa m'boti ndi kupereka majekete, zonsezi zimafuna kuti akuluakulu a ku Insaca akhale pansi ndi anzawo a ku Machinga, Zomba ndi Phalombe, pamodzi ndi mafumu ndi makomiti a asodzi a m'madoko.