Kochi Si Chimanga Chokhwima Msanga

Mu Juni 2024 ndidali ku Durban, ndipo tsiku lina Loweruka madzulo mnzanga wa ku Mangochi, telala amene wakhalitsa mumzindawo, adanditengera kumalo ena omwera ku Umbilo. Ine ndine mwana wa ku Ndirande, ndidakulira mpira wa miyendo. Rugby ndinkaiona ngati ndeu ya amuna 30 olimbirana dzira. Koma usiku umenewo ndidapeza anthu atayaka moto, akukangana za timu yao ya Sharks monga momwe timachitira ife pa Chichiri Bullets kapena Wanderers ikatikhumudwitsa.

Mlandu udali wa kochi, John Plumtree wa ku New Zealand. Gulu lina linkati achoke basi. Mu ligi ya United Rugby Championship, m'mene matimu a ku South Africa amasewera ndi a ku Ireland, Wales, Scotland ndi Italy, Sharks idapambana masewero 4 okha mwa 18 ndipo idathera pa nambala 14 mwa matimu 16. Chonsecho m'timumo mudali akatswiri amene adangotenga kumene chikho cha dziko lonse mu 2023: Eben Etzebeth, Bongi Mbonambi, Ox Nche ndi Makazole Mapimpi. Gulu linalo linkati iyayi, munthuyu ayamikidwe. Pa 24 Meyi chaka chomwecho Sharks idagonjetsa Gloucester 36 kwa 22 ku London n'kutenga Challenge Cup, kukhala timu yoyamba ya ku South Africa kubwera ndi chikho cha ku Ulaya. Sizoni imodzi, maliro ndi ukwati m'nyumba imodzi.

Pakona padakhala mdala wina wa Chizulu, waimvi mutu wonse. Phokoso litatsika pang'ono adati, "Ana inu, mukulira njala ya chaka chimodzi? Timu imeneyi idadikira zaka 100." Ndidamusendezera mpando ndi kufunsa, "Bambo, zaka 100 zake ziti?" Zimene adandiuza, ndi zimene ndidakafufuza pambuyo pake, ndizo ndikufuna ndikugawireni awerengi.

Bungwe la rugby la chigawo cha Natal lidakhazikitsidwa mu 1890. Chikho chimene zigawo za ku South Africa zimalimbirana ndi Currie Cup, mphatso ya Sir Donald Currie, mwini sitima zapamadzi. Kwa zaka zambirimbiri chikhochi chinkangoyendayenda pakati pa Western Province, Northern Transvaal ndi Transvaal, mwa apo ndi apo n'kupatukira kwina, koma ku Durban osafika. Anyamata a ku Natal ankatchedwa Banana Boys, dzina lachipongwe lonena za nthochi za m'mbali mwa nyanja. Mu 1956 adafika mu ndime yomaliza, Northern Transvaal n'kuwapsitiza 9 kwa 8 pakhomo pao pomwe. Mu 1984 adafikanso, Western Province n'kuwabweza 19 kwa 9 ku Newlands. Zaka zina m'ma 1980 timuyi inkasewera m'gawo lachiwiri, kwa ana.

Apa mdala uja adandiimitsa. Adati ndisaiwale kuti m'zaka zonsezo timuyo idali ya azungu. Pa nthawi ya tsankho munthu wakuda ankakhala malo akeake m'bwalo, ndipo ambiri ankachemerera alendo ochokera kunja pofuna kupsetsa mtima eni nthaka. Mabungwe a rugby a azungu ndi a anthu akuda adadzalumikizana mu 1992. Choncho njala ya zaka 100 ija iye adailowa chakumapeto, monga mkamwini wopeza ngongole za kuchikamwini.

Amene adathetsa njalayo adali mlendo, Ian McIntosh, wobadwa mu 1938 m'dziko limene lero ndi Zimbabwe. Adali mphunzitsi wa sukulu, ndipo adaphunzitsapo timu ya Rhodesia asadatsikire ku Durban chapakati pa zaka za m'ma 1980. Adaipeza Natal ili timu yokondweretsa maso, yothamanga ndi kuponyerana mpira mokongola, koma ikakumana ndi zimphona za ku Pretoria inkaphwanyidwa ngati chigubu. Mu rugby mpira suponyedwa kutsogolo ndi manja. Kuti mupite patsogolo muyenera kuthamanga nao, kuumenya ndi phazi, kapena kukankha adani ndi mphamvu. McIntosh adati mpira uzitengeredwa pamphuno pa mdani, amuna amphamvu akutsogolo aziboola mpanda, othamanga azidzera pachiboocho. Adasonkhanitsa amuna akuluakulu matupi, ndipo ntchitoyi idamutengera masizoni angapo opanda chikho.

Ngakhale mu 1990 mwenimwenimo, chaka chimene bungwe la Natal linkakwanitsa zaka 100, Northern Transvaal idaikwapula Natal koopsa ku Pretoria patangotsala masabata ochepa kuti ndime yomaliza ichitike. Akadakhalapo anzanga a ku Umbilo aja, bwenzi McIntosh atamulongedzetsa katundu usiku womwewo. Koma pa 6 Okutobala 1990, pa bwalo lomwelo la Loftus Versfeld, pamaso pa Naas Botha ndi anthu ake, zinthu zidatembenuka. McIntosh adaika Steve Atherton, munthu wamtali wozolowera kusewera pakati pa scrum, kumbali kwake, kuti gulu lakutsogolo lilemere. Chakumapeto kwa masewero Tony Watson adathamanga m'mbali mwa bwalo n'kukagoneka mpira kuseri kwa mzere. Joel Stransky adaonjezera ndi phazi. Adatha 18 kwa 12, kaputeni Craig Jamieson n'kunyamula chikho. M'gulu la osewera a Natal chaka chimenecho mudali mnyamata wa ku New Zealand, dzina lake John Plumtree.

Mu 1992 Natal idatenganso chikho, itapambana Transvaal 14 kwa 13 ku Ellis Park. Apa akuluakulu adati munthuyu ngoyenera timu ya dziko, ndipo mu 1993 McIntosh adakhala kochi wa Springboks. Walira mvula walira matope. Timuyo idali itangobwerera kumene m'masewero a maiko pambuyo pa zaka zosalidwa kaamba ka tsankho, ndipo anzao adali atapita patali. Pa masewero 12 adapambana 4, kufanana mphamvu 2, kugonja 6. Ku New Zealand mu 1994 adagonja kawiri, kachitatu n'kufanana 18 kwa 18 ku Auckland. Atabwerako, utsogoleri wa Louis Luyt udamuchotsa ntchito, n'kuika Kitch Christie wa ku Transvaal.

Tsono apa ndinene chilungamo, pakuti ofuna kuchotsa makochi ali nao umboni wao. Christie adapambana masewero onse 14 amene adatsogolera Springboks, kuphatikizapo ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse pa 24 Juni 1995, pamene adagonjetsa New Zealand 15 kwa 12. Kusintha kochi kudapindula, palibe angakane. Koma taonani bwino. François Pienaar, amene adalandira chikho m'manja mwa Nelson Mandela, adayamba ukaputeni mu 1993, nthawi ya McIntosh. Stransky, amene phazi lake lidagamula mlandu tsikulo, ndi mnyamata yemwe uja wa ku Loftus mu 1990. Wokolola adali katswiri ndithu, koma m'mundamo mudali mutadutsa khasu la wina.

McIntosh adabwerera ku Durban, ndipo Natal idamulandira. Mu 1995, chaka chimene timuyi idayamba kudziwika ndi dzina la Sharks, idagonjetsa Western Province 25 kwa 17 n'kutenga chikho. Mu 1996 idathira Transvaal 33 kwa 15. Kaputeni adali Gary Teichmann, wobadwira ku Gweru. Timu imene idakhala zaka 100 chimanjamanja idatenga Currie Cup kanayi m'zaka zisanu ndi ziwiri, kanayi konseko ndi kochi mmodzi, yemwe uja dziko lidamuyesa wolephera.

Pambuyo pa 1996 njala idabweranso, ya zaka 12. Chilonda chachikulu chidali cha mu 2007, pamene Bryan Habana wa Bulls adagoneka mpira nthawi itatha kale, Sharks n'kuluza ndime yomaliza ya Super 14 pa Kings Park, 20 kwa 19. Woithetsa njala yachiwiriyi adali Plumtree, wophunzira wa McIntosh: Currie Cup mu 2008 atagonjetsa Blue Bulls 14 kwa 9, ndi mu 2010 atagonjetsa Western Province 30 kwa 10. M'masiku amenewo bwalo lonse linkabangula dzina la Beast, Tendai Mtawarira wa ku Harare, akangogwira mpira. Mu 2012 Plumtree adaifikitsa timu mu ndime yomaliza ya Super Rugby, n'kukagonja kwa Chiefs ku Hamilton. Chaka chotsatira chidavuta, ndipo mu 2013 adauzidwa kuti kontrakiti yake siionjezedwa.

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Kuchokera mu 2014 mpando udadutsa mwa Jake White, Gary Gold, Robert du Preez, Sean Everitt ndi Neil Powell. White, amene adatenga chikho cha dziko lonse ndi Springboks mu 2007, adangokhala sizoni imodzi. Everitt adachoka mu Novembala 2022 timu itachititsidwa manyazi ndi Cardiff 35 kwa 0 pakhomo. Currie Cup idabwera mu 2013 ndi mu 2018, inde, koma chikho cha Super Rugby sichidafikepo ku Durban. Mu 2021 gulu la amalonda a ku America lidagula gawo lalikulu la timuyi, ndalama n'kubweretsa maina akuluakulu. Mu 2023, atazungulira zaka khumi, adakamuitananso Plumtree yemweyo.

Zimene zidatsatira mkangano wa ku Umbilo uja sizidapatse mbali iliyonse chipambano chonse. Mu Seputembala 2024 Sharks idatenga Currie Cup ku Ellis Park, 16 kwa 14, Jordan Hendrikse atamenya penate yakutali pa mphindi yomaliza. Mu sizoni ya 2024/25 idakwera kuchoka pa nambala 14 kufika pa nambala 3 mu ligi, n'kutulutsidwa ndi Bulls mu semifainolo. Sizoni yotsatira idayamba moipa, ndipo pofika kumapeto kwa 2025 Plumtree adali atachoka pampando, JP Pietersen, wosewera wakale wa timuyi, n'kuutenga.

Ndiye tiziti chiyani? Ine sindikunena kuti kochi asamachotsedwe. Ndikunena kuti funso la masapota limakhala lolakwika. Timafunsa kuti wapambana kangati chaka chino, m'malo mofunsa kuti akumanga chiyani, ndipo tikayang'ana m'bwalo tikuchiona kapena ayi. McIntosh ankagonja, koma aliyense ankatha kuloza ndi chala chimene ankamanga. Kochi wotero ngofunika kumudikira. Amene akugonja ndipo palibe angatchule kaseweredwe kake, ameneyo ngakhale mutamupatsa zaka khumi mudzangokolola mapesi. Vuto nlakuti kusiyanitsa awiriwa kumafuna kudekha, ndipo kudekha sikugulitsidwa pamalo omwera Loweruka madzulo. Kuona maso a nkhono nkudekha, adatero akale, koma nkhonoyo iyenera kukhala yamoyo.

McIntosh adamwalira mu Epulo 2023 ali ndi zaka 84, osaona chikho cha ku London chija. Potsazikana usiku uja ndidamufunsa mdala wa Chizulu kuti iye ali mbali iti, Plumtree akhale kapena achoke. Adaseka, n'kutenga chipewa chake. "Mwana wanga," adatero, "ine ndidadikira kuti andilole kukhala mpando uliwonse m'bwalo lija. Ndidadikira mpaka ndidaona Lukhanyo Am akutsogolera timu ngati kaputeni. Za kochi ndingazidikirenso." Adatuluka, anyamata aja n'kuyambiranso kukangana.